Mmene labotale imapezera dzina la bakiteriya wa m'madzi ndi m'nsomba

Amalume anga ali ndi timadamu tiwiri ta nsomba papuloti pawo kunja kwa Harare, njira yopita ku Norton. Chaka china mu October, dzuwa likuswa mtengo, nsomba zinayamba kuyandama chagada. Anatola imodzi, anaikulunga m'pepala lapulasitiki, inagona m'nyumba masiku awiri, kenako anakwera nayo kombi kudzandipeza ku Mufakose.

"Mphwanga, iwe ndiwe wa zoyezayeza. Kaiike pamakina ako aja, undiuze chimene chikundithera nsomba."

Ndinailandira ndi manja awiri, koma sindinawabisire. "Amalume, nsomba iyi singatiuzenso kanthu." Nkhope yawo inagwa, ndipo zinandipweteka, chifukwa ndalama zawo zonse zinali m'madzi amenewo. Anthu ambiri amaganiza ngati mmene ankaganizira iwo, kuti kulabotale kuli makina amene umangoikamo chinthu n'kutulutsa dzina la kachilombo. Sizitero ayi. Dzina la bakiteriya limapezeka mofanana ndi mmene agogo athu, amene anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ankamudziwira mlendo wolankhula chinenero chawo. Sankathamangira kumutchula mbale. Ankayamba ndi boma: Dedza, Ntcheu kapena Kasungu? Kenako mfumu yaikulu, kenako mudzi, kenako mfunda. Funso lililonse linkachotsa anthu ambirimbiri mpaka kutsala banja limodzi. Ifenso timafunsa bakiteriya mafunso otsatizana, ndipo ukalakwitsa loyamba, otsatira onse amakusocheretsa.

Kuno ku Harare nkhani imeneyi si ya m'kalasi mokha. Mzinda wathu unamangidwa kumtunda kwa madzi amene timamwa. Nyanja ya Chivero, imene inatsekedwa pa mtsinje wa Manyame mu 1952, ili kumunsi kwathu, ndipo mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imatsetserekera komweko itanyamula zochokera m'tauni ndi m'malo oyeretsera suweji a Firle ndi Crowborough. Madzi omwewo ndi amene amakokedwa n'kukayeretsedwa ku Morton Jaffray kuti abwerere m'mipopi yathu. Nsomba zambiri zimene zimagulitsidwa m'makomboni, zija timati bream, abale ake a chambo, zimachokeranso kumeneko. Amene analipo mu 2008 ndi 2009 akukumbukira kolera amene anadwalitsa anthu opitirira 98,000 m'dziko muno n'kupha opitirira 4,000. Anthu a m'makomboni a Budiriro ndi Glen View sadzaiwala.

Ntchito imayambira m'mbali mwa madzi, osati pa tebulo la labotale. Botolo lotungira liyenera kukhala lophikidwa mu autoclave, chimphika cha nthunzi chimene chimafika madigiri 121 kwa mphindi 15, kuti musakhale chamoyo chilichonse. Botolo la Mazoe lotsukidwa ndi sopo silikwanira. Ngati madziwo ndi a pampopi okhala ndi klorini, timathiriratu m'botolomo pang'ono mankhwala otchedwa sodium thiosulfate kuti kloriniyo asapitirize kupha mabakiteriya panjira. Madziwo amanyamulidwa m'bokosi lozizira ndipo ndi bwino kuwayeza maola 6 asanathe. Chifukwa chake n'chakuti bakiteriya monga E. coli, wa m'matumbo, akapeza chakudya ndi kufunda amagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Mmodzi yekha, pa maola 7, akhoza kukhala atapitirira 2 miliyoni. Botolo limene lakhala padzuwa tsiku lonse limakuuza za ulendo wake, osati za chitsime chimene linachokera.

Ndi zimenenso zinachitikira nsomba ya amalume. Nsomba ikangofa, mabakiteriya a m'matumbo ndi a pakhungu amalowerera m'thupi monse, ndipo kukatentha amachita zimenezi m'maola ochepa. Amene anaidwalitsa, ngati analipo, amakwiririka ndi chikhamu cha odzadya mtembo. Nsomba yoyenera kuyeza ndi imene ikudwala koma ikadapuma, ija yosambira mozungulirazungulira kapena yongokhala m'mbali osathawa munthu. Zikhale zingapo, osati imodzi. Ngati kubwera nazo zamoyo n'kosatheka, ziikidwe pa ayezi zikangofa, koma osati mufiriza, poti kuundana kumapha mabakiteriya ena amene tikuwafunawo.

Potumbula timapukuta kaye khungu ndi sipiriti wa 70 peresenti, n'kutsegula mimba ndi mpeni wophikidwa, mosamala kuti tisaboole matumbo. Chimene timafuna kwambiri ndi impso. Aliyense amene anakonzapo nsomba amaidziwa ngakhale sadziwa dzina lake: ndi kamzere kofiira moderako kamene kamamatirira kufupa la msana, kaja amayi amakapala ndi chala chachikulu asanatsuke. Magazi a nsomba amasefedwa mmenemo, ndipo mu nsomba yathanzi simuyenera kumera kanthu. Ukapezamo bakiteriya wa mtundu umodzi wochuluka, ndiye kuti wafika m'magazi. Nsomba ikakhala yotuzuka maso ndi yosambira ngati yaledzera, timatenganso za mu ubongo, poti ndi kumene bakiteriya wotchedwa Streptococcus amakonda kubisala. Za pachilonda chapakhungu timatenga m'mphepete mwake, kumene chilonda chikudya nyama yabwino, osati pakati pamene pakhala pakunyambitidwa ndi madzi a m'damu.

Kenako n'kufesa. Mabakiteriya timawadzala ngati mbewu, pa chakudya cholimba ngati phala loziziritsa chimene chili m'timbale tokhala ndi zivindikiro. Chimene chimalimbitsa chakudyacho ndi agar, wochokera ku ndere za m'nyanja ya mchere. Amene anapereka nzeru yogwiritsa ntchito agar anali mayi wina, Fanny Hesse, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880. Mwamuna wake ankagwira ntchito ndi katswiri wa tizilombo Robert Koch ku Germany, ndipo gelatin amene ankagwiritsa ntchito polimbitsa chakudyacho ankasungunuka kukatentha. Mayiyo ankamudziwa agar kukhitchini. Timbale tija anatikonza Julius Petri mu 1887, ndipo mpaka lero timatchedwa ndi dzina lake. Timatenga kawaya kopinda kumapeto, kukawotcha palawi mpaka kufiira, kukaziziritsa, kukagunditsa impso ija, n'kukoka mizere pa agar. Timawotchanso kawayako, n'kukoka mizere ina kuchokera pa yoyamba ija, mpaka kanayi. Cholinga n'chakuti pofika kumizere yomaliza mabakiteriya akhale atatalikirana, aliyense payekha. Mmodzi aliyense akamera amapanga kadontho kooneka ndi maso, ndipo onse a m'kadonthoko ndi ana a kholo limodzi. Kadontho koteroko ndiko timakapatulira pambale yatsopano. Mafunso onse otsatira amafunsidwa kwa mlendo mmodzi. Ukasakaniza awiri, mmodzi amayankha funso ili, wina lija, ndipo umatuluka ndi dzina la chinthu chimene kulibe.

Pali cholakwa china chimene ndimachiona kawirikawiri ndipo chimandidetsa nkhawa. Ambiri a ife tinaphunzira ntchitoyi poyeza za anthu odwala, ndiye dzanja limangopita lokha kuika mbale pa madigiri 37, kufunda kwa thupi la munthu. Koma thupi la nsomba limafunda mofanana ndi madzi amene ilimo. Mbale za nsomba zimafunika madigiri 25 mpaka 28, ndipo zipatsidwe masiku awiri kapena kuposa. Chakudyanso chimasiyana. Flavobacterium columnare, amene amadya zopumira ndi zipsepse za nsomba n'kusiya chigamba chotuwa pamsana, samera bwino pa chakudya chonona. Amafuna chochepa mphamvu, ndipo akamera amatuluka wachikasu, wotambalala ngati mizu. Mycobacterium amatenga milungu. Choncho mbale ikatuluka yopanda kanthu sindiye kuti nsomba inalibe kachilombo. Mwina sitinamuphikire ndiwo zimene amadya.

Za madzi akumwa zimayenda mosiyana pang'ono, ndipo n'zachidule. Sitingasake tizilombo tonse toyambitsa matenda m'botolo lililonse, ndiye timasaka mmodzi amene amaulula anzake. E. coli amakhala m'matumbo a anthu ndi nyama, ndipo akapezeka m'madzi ndi ngati mapazi a fisi pakhola: chimbudzi chafikamo. Timasefa mamililita 100 pa kapepala ka timabowo ta 0.45 micrometre, tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi maulendo opitirira 100. Mabakiteriya amatsalira pamwamba, kapepalako timakagoneka pa chakudya, n'kuika pa madigiri 44, kutentha kumene mabakiteriya ambiri a m'dothi ndi m'madzi sapirira. Mawa lake timawerenga timadontho. Muyezo wa bungwe la WHO ndi womveka: m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke E. coli ngakhale mmodzi. Madzi a mjigo akhoza kukhala oyera mbee, ozizira bwino, koma n'kulephera muyezo umenewu ngati paipi ya suweji yaphulika pafupi. Madzi a mumtsinje ngati Mukuvisi sitingawasefe choncho, mbale ingangodzaza. Timayamba tawasungunula, mililita imodzi m'mamililita 9 a madzi oyera, mobwerezabwereza, mpaka timadontho tiwerengeke.

Tibwerere kwa mlendo wathu amene tsopano ali yekha pambale. Funso la boma ndi utoto wa Gram, umene anautulukira dokotala wa ku Denmark, Hans Christian Gram, mu 1884. Timapaka mabakiteriya pakagalasi, kuumitsa, kuthira utoto wa pepo, kenako ayodini woumatiza, kenako sipiriti kwa timasekondi tochepa, pomaliza utoto wofiira. Amene ali ndi khoma lochindikala amaugwira utoto wa pepo uja osausiya. Amene khoma lawo ndi lopyapyala amatsukika ndi sipiriti n'kutenga wofiira. Pa maikulosikopu, titakuza ka 1,000, timaona mtundu ndi kaumbidwe komwe. Timipira ta pepo tolumikizana ngati mikanda ndi Streptococcus kapena m'bale wake Lactococcus, amene amavutitsa alimi a bream m'madzi ofunda. Timitengo tofiira ndiye khamu lalikulu la m'madzi opanda mchere: Aeromonas, Pseudomonas, Edwardsiella, Vibrio, E. coli, Salmonella. Pa sipiriti paja ndi pamene pamaonekera luso la dzanja. Ukachedwetsa pang'ono, wa pepo amasanduka wofiira, ndipo ulendo wonse umalowera boma lolakwika.

Mafunso awiri otsatira ndi otsika mtengo ndipo amayankhidwa m'masekondi. Ukadonthezera hydrogen peroxide pa bakiteriya n'kuchita thovu, ndiye kuti ali ndi catalase, puloteni yophwanya mankhwalawo. Staphylococcus amachita thovu, Streptococcus sachita. Lachiwiri ndi oxidase: umapaka bakiteriya pa kapepala konyowetsedwa ndi mankhwala, ndipo kakasanduka ka pepo wakuda m'masekondi 10, wavomera. Aeromonas, Vibrio ndi Pseudomonas amavomera. E. coli, Salmonella ndi Edwardsiella amakana. Ndi kapepala kamodzi kokha, khamu lija lagawika pawiri.

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, poti ndi pamene labotale ikhoza kuopseza mzinda wonse pachabe kapena kuugoneka tulo pangozi. Aeromonas ndi Vibrio cholerae, woyambitsa kolera, amafanana kwambiri pa mafunso oyambawa. Onse ndi ofiira pa Gram, onse amavomera oxidase, onse amakhala m'madzi opanda mchere ndi m'nsomba. Posaka Vibrio timayamba taika madzi kapena za m'matumbo a nsomba mu msuzi wotchedwa alkaline peptone water kwa maola 6 mpaka 8, momwe iye amakula msanga kuposa anzake. Kenako timafesa pa mbale yobiriwira ya TCBS. Vibrio cholerae amadya shuga wa mtundu wa kunzimbe amene ali m'mbalemo, n'kutuluka wachikasu. Wophunzira akaona chikasu chimenecho mtima umadumpha, koma Aeromonas ndi ena nawonso nthawi zina amamera achikasu pambale yomweyo. Ndiye timapatulira kadonthoko pa chakudya wamba, n'kukasakaniza ndi dontho la sodium deoxycholate. Akakhala Vibrio amasanduka wonanda, ndipo ukakweza kawaya pamatuluka ulusi ngati wa therere. Kale tinkadaliranso kwambiri mankhwala otchedwa O/129, amene amaletsa Vibrio kumera koma osamuletsa Aeromonas, koma masiku ano Vibrio cholerae ambiri sawamvanso, choncho sungaimire pamenepo pokha.

Ngakhale zitatsimikizika kuti ndi Vibrio cholerae, nkhani sinathe. Mtundu umenewu uli ndi mabanja opitirira 200, ndipo awiri okha, O1 ndi O139, ndiwo amabweretsa mliri. Enawo amangokhala m'mitsinje ndi m'madamu, ena n'kutsegula m'mimba pang'ono. Pofuna kudziwa banja timasakaniza bakiteriya pakagalasi ndi antiserum, madzi ochokera m'magazi amene amagwira banja limodzi lokha, ndipo akakhala wa O1 amaundana timibulu ngati mkaka wosasa. Pamwamba pake pamafunika kuona ngati ali ndi jini, kachidutswa ka malangizo a chibadwa, yopangira poizoni wa kolera. Munthu akakuuzani kuti "apeza kolera m'nsomba", funsani kuti anafika pa funso liti. Za odwala m'dziko muno zimakatsimikizidwa ku National Microbiology Reference Laboratory, imene ili pa chipatala cha Sally Mugabe, chija tinkati Harare Central.

Mafunso a zakudya amene atsala, akuti kodi bakiteriyayu amadya shuga uti, amatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lovunda kapena ayi, anawasonkhanitsa pa kachingwe kapulasitiki ka timaenje 20 kotchedwa API 20E. Umathira bakiteriya m'timaenjemo, mawa lake umawerenga mitundu, n'kupeza nambala ya manambala 7 imene umakaifananitsa ndi zimene zili m'kaundula. N'kothandiza, koma kaundulayo anamangidwa makamaka ndi tizilombo ta anthu odwala, ndiye bakiteriya wa nsomba nthawi zina amapatsidwa dzina la mnansi wake chifukwa lake mulibemo. Makina a MALDI-TOF, amene amawombera bakiteriya ndi laser n'kuyeza kulemera kwa mapuloteni ake, amatulutsa dzina m'mphindi zochepa. Amenewo ndiwo ayandikira ku makina amene amalume ankawaganizira, koma nawonso amafuna kadontho kopatulidwa bwino kaja, ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo amangodziwa amene analembedwa m'kaundula wawo.

Funso la mfunda limafunsidwa kwa DNA, mmene mumalembedwa malangizo a chibadwa a chamoyo chilichonse. Mu 1977 Carl Woese anasonyeza kuti ubale wa tizilomboti ukhoza kuwerengedwa pa chidutswa chimodzi chimene bakiteriya aliyense ali nacho, chotchedwa 16S rRNA, cha zilembo pafupifupi 1,500. Mbali zina za chidutswachi n'zofanana mwa onse, zina zimasiyana mtundu ndi mtundu. Timachichulukitsa ndi njira ya PCR, imene Kary Mullis anaitulukira mu 1983, n'kuchiwerenga, n'kuchifananitsa ndi za m'nkhokwe zapaintaneti. PCR yeniyeniyo imadalira enzyme, puloteni yokopera DNA, wochokera kwa bakiteriya wa m'madzi, Thermus aquaticus, amene anapezeka m'akasupe otentha a ku Yellowstone ku America. Njira ya DNA inatitsegula maso pa chinthu china chachikulu: mwa mabakiteriya onse a m'madzi a m'nyanja kapena mumtsinje, amene amalola kumera pambale zathu nthawi zambiri safika ngakhale 1 pa 100. Komabe 16S ili ndi malire ake. Pa Aeromonas imangokuuza kuti uyu ndi Phiri, koma a Phiri ndi ambiri. Aeromonas hydrophila, Aeromonas veronii ndi Aeromonas caviae amasiyana zilembo zochepa kwambiri pa chidutswachi, ndipo kuti uwalekanitse umafunika kuwerenga majini ena monga gyrB ndi rpoD. PCR imapezanso DNA ya bakiteriya wakufa kale, ndiye payokha singanene ngati madzi othiridwa klorini akadali oopsa.

Tsono ngakhale dzina litapezeka lonse, pamatsala funso limene mlimi akufunadi: kodi ndi ameneyu wapha nsomba? Si onse opezeka pamaliro amene anapha munthu. Aeromonas ali m'damu lililonse, pakhungu ndi m'matumbo a nsomba zathanzi zomwe. Amapeza mpata nsomba ikafooka ndi kuthithikana, kusowa mpweya kapena kuvulala pogwidwa. Ukapaka kawaya pachilonda chilichonse cha nsomba udzamupeza. Matenda a zilonda otchedwa EUS, amene anaoneka m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi cha m'ma 2006 ndi 2007 n'kudzafika ku Malawi mu 2020, amayambitsidwa ndi Aphanomyces invadans, kanthu kofanana ndi nkhungu, osati bakiteriya. Koma pazilondazo Aeromonas amadzadza. Wongofesa pambale adzanamizira Aeromonas, pamene wodula kanyama kapansi pa chilonda n'kukaona pa maikulosikopu adzaona ulusi wa nkhungu uja utalowerera mumnofu. N'chifukwa chake timafuna nsomba zingapo. Bakiteriya yemweyo akatuluka yekha, wochuluka, mu impso za nsomba zonse zodwala koma osati mwa zathanzi, pamenepo umboni wayamba kulemera.

Ndipo pali zina zimene mbale za agar sizingaone n'komwe. Kubiriwira kuja kumene kumayala pa Chivero ngati penti ndi mabakiteriya nawonso, otchedwa cyanobacteria, amene amadzipangira chakudya ndi dzuwa ndipo amanenepa ndi manyowa a suweji. Amadziwika pa maikulosikopu, ndipo poizoni wawo, microcystin, amayezedwa ndi njira za chemistry. Poizoniyu amawononga chiwindi ndipo kuwiritsa madzi sikumuthetsa. Mu December 2024 a ZimParks, bungwe loona za nyama zakutchire, analengeza kuti zipembere zinayi, mbidzi ndi nyama zina zafa pa Chivero chifukwa cha madzi oterewa. Usiku zobiriwira zimenezi zimamwanso mpweya wa okosijeni, ndipo nsomba zikhoza kufa zambirimbiri m'bandakucha popanda matenda alionse.

Funso lomaliza ndi la mankhwala. Bakiteriya timamupaka mbale yonse ya Mueller-Hinton, n'kuikapo timapepala tozungulira tokhala ndi maantibayotiki osiyanasiyana, njira imene Kirby ndi Bauer ndi anzawo anaikhazikitsa mu 1966. Mawa lake timayeza ndi rula bwalo loyera lozungulira kapepala kalikonse. Bwalo likakula mpaka muyezo wake, mankhwalawo akugwira. Ena samva mankhwala ena chibadwire, monga Aeromonas ambiri ndi ampicillin. Ena amachita kuphunzira, ndipo madzi osakanikirana ndi suweji ndi malo amene amapatsirana majini a kusamva kumeneku. Pa kolera wa mu September 2018 ku Glen View ndi Budiriro, kuyeza kotereku n'kumene kunasonyeza kuti kachilomboko sikankamva ciprofloxacin ndi ceftriaxone koma kankamva azithromycin, ndipo madokotala anasintha mankhwala potsatira zimenezo.

Amalume anali atagula kale paketi ya antibayotiki wa nkhuku wotchedwa oxytetracycline kuti athire m'damu. Ndinawapempha kuti adikire. Loweruka lotsatira ndinapita kupuloti kwawo ndi bokosi la ayezi, mabotolo ndi kachipangizo kobwereka koyezera okosijeni. Tinagona komweko. Cha m'ma 5 koloko m'mawa tinapeza nsomba zonse zili pamwamba zikuyasamula kukamwa, madzi ali obiriwira bii, ndipo okosijeni anali wotsika kwambiri. Ndinatenga nsomba zinayi zofooka. Mbale za impso zitatu zinatuluka zopanda kanthu patatha masiku awiri, yachinayi inali ndi timadontho towerengeka ta mitundu yosiyanasiyana. Ndinawaimbira foni.

"Amalume, mankhwala aja musathire. Nsomba zachuluka m'damu, manyowa a nkhuku achulukanso. Siyani kaye manyowa, chepetsani chakudya, muphe zikuluzikulu mugulitse, ndipo muzilowetsa madzi atsopano usiku."

Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti madziwo aziwalowetsa nthawi yanji.